Wilibala Siifa, Imasamukira kwa Aneba

Nkhwangwa yosula kuchokera ku sipuling'i ya galimoto yakutha imakalamba limodzi ndi mwini wake. Chothyoka ndi mpini basi. Koma wilibala yonyezimira ya m'sitolo ija, ingotuta mchenga wonyowa dzinja limodzi, pansi pabooka. Wowotcherera amamatapo chigamba cha mgolo, kenaka china pamwamba pa chigambacho, mpaka wilibala yopanda kanthu kumalemera ngati yasenza thumba la simenti la makilogalamu 50. Tayala likayamba kulira kwiii, timalidonthezera oyilo wakuda wopempha kugalaja.

Komatu chimene chimamaliza zipangizo kwathu kuno si dzimbiri ayi. Ndi aneba aja ofika mbandakucha atapinda manja: "Tibwerekeniko pang'ono achimwene, tibweza madzulo." Madzulo a chaka chiti, satchula.