Injiniya wa ndege za nkhondo wa ku Bangwe

Aliyense amene anapangapo galimoto ya mawaya ali mwana ndi injiniya, kaya ali ndi pepala la ku Poly kaya alibe. Ine ndiye ndinali mkulu wa mainjiniya kumudzi kwathu. Galimoto zanga zinkakhota ndi chiwongolero, matayala ake okulunga bwino ndi malegeni, ndipo imodzi inkanyamula njerwa ziwiri osadandaula. Mpanda wa waya wa pasukulu yathu unkafupika chaka ndi chaka, aphunzitsi n'kumanamizira mbuzi. Ndayamba ndi mbiri imeneyi kuti pasapezeke wokayikira luso langa mukamva mabodza amene akuyenda kuno ku Bangwe.

Alamu anga, amene amasamalira nkhalamba ku Manchester, anatitumizira katundu kudzera mwa mnzawo wobwera kumaliro. Ine mtima unali pa foni yatsopano. Mayi akunyumba analandira chikwama ndi mafuta odzola. Mnyamata wathu wa Sitandade 5 analandira katoni yojambulidwa ndege yofiira psuu. Ine ndinalandira moni.

Titatsegula katoniyo, ndege munalibe. Munali timafelemu ta pulasitiki tolendewera tiziduswa, kalikonse ndi nambala yake, kachubu ka guluu, burashi, timikebe ta penti tosakwana ngakhale kupaka chogwirira cha chitseko, kapepala ka masitika ndi chipepala cha malangizo. Ndinawaimbira alamu pa WhatsApp kuwadziwitsa kuti katundu wafika wophwanyika, akamutenge bwino mnzawo uja.

"Alamu, imabwera choncho," anatero akuseka. "Mwana amange yekha. Kuno ngakhale madala opuma pantchito amachezera zomwezo usiku wonse."

Tamvani zimenezo. Munthu kutulutsa ndalama zake kugula chinthu chosatha kupangidwa, n'kukamalizira yekha ntchito ya fakitale kunyumba, popanda malipiro, akumwetulira. Kalipentala wa pamsika atakupatsani matabwa ndi misomali n'kukuuzani kuti nawu mpando wanu, mungamusiye? Koma ku Britain ndi bizinesi yakalekale. Kampani yotchuka pa zimenezi, Airfix, inayambitsidwa mu 1939 ku London ndi mkulu wina wochokera ku Hungary dzina lake Nicholas Kove, ndipo chinthu choyamba chimene inagulitsa m'zidutswa chonchi chinali kathirakitala ka Ferguson, mu 1949. Anayambira kumunda, kenaka n'kukwera m'mwamba. Ine ndinaona kuti mbiri yawo ndi yanga sizikusiyana kwenikweni.

Ndege yake ndi Hawk. Inauluka koyamba mu 1974, ili ndi injini imodzi ndi mipando iwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, chifukwa ntchito yake yaikulu n'kuphunzitsira asilikali oyendetsa ndege za nkhondo. Anzathu a ku Zimbabwe analandira zawo mu 1982, ndipo a ku South Africa ali nazo mpaka lero. Yofiirayi ndi ya gulu la Red Arrows la asilikali a m'mlengalenga a ku Britain, amene anayamba zionetsero zawo mu 1965 ndipo amatchuka ndi kuuluka ndege 9 mothithikana, akutulutsa utsi wofiira, woyera ndi wabuluu. Utsi umenewo, abale anga, ndi dizilo. Amamupopera dala kumpweya wotentha wotuluka mu injini kuti anthu pansi aombe m'manja. Ine amene ndagonapo pamzere wa mafuta ndi chigubu chopanda kanthu, nditamva zimenezi ndinayamba ndakhala pansi.

Pakatoni panalembedwa 1:72. Ndiye kuti masentimita 72 a ndege yeniyeni ndi sentimita imodzi pa yathuyi. Mapiko amene amapitirira mamita 9 kuchokera nsonga ina kufika ina, patebulo langa anali masentimita 13 okha. Panalembedwanso kuti n'zoyenera ana a zaka 8 kupita m'tsogolo. Ine ndili m'gulu la kupita m'tsogololo, choncho ndinalanda katoniyo mwalamulo.

"Koma adadi, amalume anati ndi yanga."

"Ndi yako, mwana wanga. Kungoti zida za usilikali sizigwiridwa ndi ana. Iwe ukhala wondipatsira zipangizo."

Chipepala cha malangizo chinali cha zithunzi zokhazokha ndi timivi toloza uku ndi uku. Ndinachiyang'ana mwaulemu n'kuchiyala patebulo kuti penti isadonthere nsalu ya mayi. Munthu amene anapanga lole ya mawaya kuchokera m'mutu sangauzidwe zochita ndi timivi.

Ntchito inayamba ndi woyendetsa ndege. Mwamuna wa msinkhu wanga mukamuchepetsa ka 72 amatsala masentimita awiri ndi theka ataimirira, ndiye uyu anali wokhala pansi. Ndinamugwira ndi kopanira nsidze ka mayi, magalasi ali pamphuno, lilime lili kunja. Ndinamuveka ovolosi yofiira monga amavalira a Red Arrows, chipewa ndi nsapato, zonse ndi nsonga ya chotokosera m'mano. Anakongola moti ndinaitana aneba kudzaona. Kenaka ndinakamuika pakhonde, pa chivundikiro cha botolo, kuti aume.

Tili ndi nkhuku ya thadzi ya mawangamawanga imene sinaikirepo dzira chiigulireni. Inafika, inapendeka mutu, inamuyang'ana msilikali wa Mfumu Charles ndi diso limodzi, jompho! Wapita. Ndinaithamangitsa kuzungulira nyumba, kudutsa pa chingwe choyanikira zovala mpaka kuseri kwa bafa la aneba, ana a m'dera lonse ali pambuyo panga akukuwa. Inakwera padenga n'kumandiyang'ana. Mayi, amene anali kutsuka mbale, sanadzutse n'komwe mutu.

"Bambo, pa msinkhu wanuwu mukulimbana ndi nkhuku chifukwa cha kadoli?"

Ndinawafotokozera kuti si kadoli, ndi kaputeni. Anati kaputeniyo akatuluka adzandiuza.

Nkhondo siima chifukwa msilikali mmodzi wagwa. Ndinapitiriza ndi thupi la ndege, limene limabwera m'mabandu awiri, lamanja ndi lamanzere. Tiziduswa ndinkatithyola ndi manja pafelemu, mopotokola, ndipo pena pankatsala chibowo, pena kanyanga. Guluu wakenso ndi wachilendo. Samata monga guluu wa nsapato. Amasungunula pulasitiki mbali zonse ziwiri kuti zilowererane n'kuuma pamodzi, n'chifukwa chake amafunika kadontho chabe. Ine sindimana. Ndinafinya mokwanira, guluu anasefukira, ndinapukuta ndi chala chachikulu, ndipo mpaka lero chidindo cha chala changa chili paphiko lamanja, chooneka bwino kuposa chimene ndinadinda polembetsa chiphaso cha unzika. Ndege ikadzabedwa, apolisi sadzavutika kudziwa mwini wake.

Nditamata matayala atatu n'kuiika patebulo, ndege inagwera kumbuyo, mchira pansi mphuno kumwamba, ngati galu wopempha fupa. Ndikaikankhira kutsogolo, inkabwerera. Ndinawaimbiranso alamu. Mwamwayi, pakati pa nkhalamba zimene amasamalira pali gogo wina wachizungu amene wamanga tindege totere moyo wake wonse, ndipo chipinda chake n'chodzaza. Alamu anakamufunsa. Gogoyo akuti anafunsa funso limodzi lokha: kodi m'mphuno munaikamo cholemetsa musanatseke? Ndege yeniyeni ili ndi zida zolemera kutsogolo, pamene ya pulasitiki m'mphuno muli mphepo yokha, ndiye pamafunika kachitsulo. Akuti zinajambulidwa pachipepala cha malangizo. Ndinasuzumira patebulo, koma malo amenewo anali atakutidwa kale ndi penti. Uthenga wofunika choncho suyenera kuikidwa pamene munthu angaikepo mkebe.

Ndinathetsa vutolo mwa ukatswiri wa kuno kwathu, poika bokosi la machesi pansi pa mchira.

Guluu wa m'katoni anali atatha, choncho pomata galasi la pamwamba pa mipando ndinatuma mnyamata kukagula supagulu ku okala. Usiku galasi linali loyera mbee, mipando ikuoneka mkati. M'mawa linali lachita chifunga choyererako, osaona kalikonse. Gogo wa ku Manchester anatumiza uthenga wakuti nthunzi ya supagulu imayeretsa pulasitiki woonekera, ndipo odziwa amamata galasi ndi guluu woyera uja wa akalipentala. Ndinayamba kumukayikira gogoyu. Nzeru zake zonse zimafika zinthu zitachitika kale. Komanso chifungacho chinandithandiza, popeza tsopano palibe amene akanaona kuti ndege ilibe woyendetsa.

Kupenta ndiye kunandionetsa kuti m'nyumba mwanga ndili ndi adani. Akatswiri amati penti ipakidwe mopyapyala, iume, mubwerezenso, iume, mpaka mtundu ukhazikike. Kuleza mtima kotereku n'kwa anthu a kumene dzuwa limalowa 4 koloko masana m'nyengo yozizira, osowa kopita. Ine ndinali ndi bawo yondidikira pansi pa mtengo wa mango. Nditaona kuti ulendo woyamba watuluka mizeremizere, ndinaviika burashi mpaka m'khosi n'kupaka kamodzi n'kamodzi. Timizere tonse tosonyeza molumikizana malata a ndege tinakwiririka. Ndinakaiyanika pazenera. Unali mwezi wa Okutobala, msewu wathu ndi wafumbi, ndipo nthawi yomweyo panadutsa lole ya mchenga. Ndege inauma ili ndi khungu la sandipepa, ntchentche imodzi itamatirira pamchira, miyendo m'mwamba.

Penti yofiira inali itatha mbali imodzi isanapakidwe. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti m'chikwama chatsopano cha mayi muli kabotolo ka kyuteksi wofiira, ndi kaburashi kake komwe. Anali kumsonkhano wa banki m'khonde. Mtundu unafanana ndithu, ndipo poyamba mbali imeneyo inawala kuposa inzake. Patapita kanthawi pulasitiki anayamba kuchita makwinya, phiko n'kufewa. Zimene zimasungunula kyuteksi zimadyanso pulasitiki wa mtundu uwu. Ameneyu sindinamufunse gogo uja, ndinadzionera ndekha. Mayi atabwera ananunkhiza m'mwamba ali pakhomo, anayang'ana kabotolo, anayang'ana ndege, anandiyang'ana ine.

"Alongo anga anatumiza kyuteksi ameneyu kuchokera ku UK kuti ndidzapake pa ukwati wa Loweruka."

"Ndegenso ndi ya ku UK, mayi. Zakumana zokhazokha."

Tsiku limenelo ndinadya nsima ndi masamba opanda mchere, ndipo sindinafunse chifukwa.

Kunatsala masitika. Amenewa sakhala ndi guluu woonekera kumbuyo. Mumadula kamodzi, kuviika m'madzi ofunda kwa kamphindi, kenaka kamatsetsereka kuchoka papepala kupita pandege, inu n'kukakankha pang'onopang'ono ndi burashi yonyowa. Ine ndinaona kuti kuviika kamodzikamodzi n'kutaya nthawi, ndinaponya pepala lonse m'beseni. Masitika onse anayandama nthawi imodzi, ena atapindika, ena atakumbatirana. Ndili mkati mowawedza ndi supuni, magetsi anazima. Mnyamata anabwera ndi kandulo, ine ndikumuuza kuti ayandikire, ayandikirebe, sindikuona. Tinamva fungo tisanaone chimene chikupsa. Nsonga ya mchira inali itawerama kuyang'ana kumanzere. Mzere woyera wa m'mbali unaduka patatu, mawu akuti Royal Air Force anakhala chadodolido, ndipo chizindikiro chimodzi chozungulira chija ndinakachipeza m'mawa chitamatirira pachigongono changa.

Lamulungu kunabwera alendo a kumpingo, ndipo mayi anagamula kuti thadzi la mawangamawanga lija lalephera ntchito ya mazira, lipite m'poto. Sindinaikire kumbuyo. Mnyamata ndiye ankathandiza kukonza, ndipo potumbula nthutumba anakuwa kuchokera kuseri: "Adadi! Kaputeni!" Analidi iye, pakati pa timiyala ndi gaga. Penti yonse inali itapalika, dzanja limodzi kulibe, koma anali atakhalabe chikhalire, wokonzeka kuyendetsa. Ndinamusambitsa ndi sopo. Kumulowetsa mundege ndiye kunakanika, chifukwa supagulu akagwira wagwira. Pano amakhala paphiko, kunja, atatsamira chidindo cha chala changa. Nthutumba, monga mwa mwambo, inabwera m'mbale yanga. Ndinaipereka kwa abusa.

Ndege ili pamwamba pa kabati, mbali ya kyuteksi itayang'ana kukhoma. Aneba amati ikuoneka yoti inawomberedwa kunkhondo, ndipo ine ndimawauza kuti n'zimene ndinkafuna, popeza akatswiri enieni amachita dala kukalambitsa tindege tawo kuti tioneke togwira ntchito. Ndimawakumbutsanso kuti boma linagulitsa jeti ya pulezidenti mu 2013, ndiye aziyankhula mwaulemu ndi munthu amene ali ndi jeti m'nyumba. Mnyamata sanenapo kanthu. Anangopempha kuti akamaimba amalume, iye asamapatsidwe foni, chifukwa ku Sande sukulu anawaletsa kunama.

Alamu anaumirira kuti aone chithunzi. Ndinajambula chithunzi cha pakatoni chija, moyandikira bwino kuti m'mphepete musaoneke, n'kutumiza. Anasangalala kwambiri. Anakaonetsa gogo uja, ndipo gogoyo akuti anagwetsa misozi, n'kunena kuti luso lotere lisaonongeke. Wapereka katoni yake imene wakhala akusunga zaka zambiri, ndege yaikulu ya 1:48, ya tiziduswa tochuluka kuposa iyi, kuti ibwere kwa injiniya wa ku Malawi.

Ndiye inu amene mukuchokera ku Manchester mwezi wa Disembala, wina akakupatsirani katoni yopepuka yolira tchekeretcheke, yolembedwa kuti ipite ku Bangwe, chonde muuzeni kuti makilo akwana. Ngati pali nsapato za saizi 9, zimenezo nyamulani.