Nyimbo Imodzi Sachezera Gule

Makolo athu, amene analibe wailesi, kapena magetsi, kapena chipangizo chilichonse chosungiramo mawu a munthu koposa mutu wake womwe, anatisiyira mwambi wakuti nyimbo imodzi sachezera gule. Ndipo ponena chotero sanali kuseka ayi, pakuti ankadziwa bwino lomwe kutalika kwa usiku wa m'nyengo yachisanu kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kumene munthu akangoleka kuvina mano amayamba kugundana. Pa mchezo wa chinamwali kapena wa ukwati, mayi wotsogolera chimtali ankayenera kukhala nazo nyimbo zokwanira kuyambira polowa nkhuku kufikira potuluka nthanda. Akabwereza imodzi kawiri, anzake ankamuyang'ana cham'mbali; akaibwereza kachitatu, bwalo linkayamba kuphwa, uyu ati mwana akulira, uyo ati wasiya moto m'nyumba, mpaka kutsala iye yekha ndi oomba ng'oma, amene nawonso ankanamizira kukawamba ng'oma zawo pamoto osabwererakonso. Mwambiwu tsono unali chenjezo kwa woyimba, ndipo akuluakulu anaunyamula napita nawo ku bwalo la milandu, kukadzudzulira munthu amene afunsidwa mafunso khumi nayankha onsewo ndi mawu amodzimodzi.

Ine ndikunena, ndipo ndikupempha agogo amene anagona kale kuti andikhululukire, kuti m'masiku athu ano mwambiwu watembenuka nuyang'ana kwina. Woyimba wa lero nyimbo ali nazo zochuluka, zina sanaziyimbepo pagulu chiipekere. Wofunika kumukhazika pansi ndi kumulangiza ndi womvera. Amene akukayika adikire nyengo yogulitsa fodya, pamene mabelo apita ku Kanengo ndipo ndalama zayamba kubwerera kumudzi, akwere kabaza Loweruka madzulo, napite pa Mponela, pa Madisi, kapena pa Malomo, kumalo ena alionse achisangalalo amene ali ndi holo kuseri ndi mpanda wa malata, pa tsiku limene kwabwera bandi.

Chikalata chomata pa mtengo chidzamuuza kuti zoyimba ziyamba 7 koloko madzulo, ndipo mlendo yekha ndiye amakhulupirira zimenezi. Pa 7 koloko oyimba amakhala ali m'njira, ngati anyamuka n'komwe. Pa 9 koloko mnyamata wina wovala malaya akuda amakwera pansanja, nagwira chimkuzamawu, nayamba kuwerenga m'Chingerezi kuyambira pa wani kulekeza pa thuu, mobwerezabwereza, kwa ola lathunthu, osafikako pa nambala yachitatu. Ndipo ndaona anthu ena oledzera msanga akuvina kuwerengako, poyesa kuti gule wayamba. Pakhomo pamakhala anyamata a zifuwa zotambasuka, amene amalandira ndalama nakudinda chidindo padzanja, chizindikiro chimene chimakhala chaulemu usiku umenewo, koma chimasanduka mboni yoopsa m'mawa mwake ku tchalitchi, makamaka kwa munthu amene ali ndi udindo woyendetsa mbale ya chopereka. Panja utsi wa chiwaya ndi kanyenya uli tolotolo, ndipo alimi amene chaka chonse anawerama m'munda ndi m'chigafa akuyenda mowongoka msana, aliyense ataitanitsa mabotolo oposa amene manja ake angathe kunyamula.

Tsono asanakwere eni ake a tsikulo, mwini malo amalola anyamata a m'midzi yozungulira kuti atenthetse bwalo, pakuti iwowa salipidwa kanthu koposa chakudya ndi lonjezo. Apa ndi pamene ine ndimasendeza mpando wanga kutsogolo. Amabwera atatu kapena anayi, atanyamula zoyimbira zimene anapanga ndi manja awo: banjo ya chigubu cha mafuta, imene nsambo zake ndi waya wa mabuleki a njinga, ng'oma yopondera ndi chidendene, zitsekerero za mabotolo zotungidwa pa waya, ndi mfumu ya zonsezi, babatoni, chimtengo chachitali choposa mwini wake, chokhala ndi nsambo imodzi yokha ndi mimba yokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, chimene chikalira munthu amachimvera m'nthiti asanachimve m'makutu. Nyimbo zawo ndi zopeka okha, ndipo ndi za zinthu zimene aliyense m'holomo akuzidziwa: mtengo wa feteleza, apongozi olowerera, mkamwini waulesi amene amadwala nthawi ya kupalira nachira nthawi ya kukolola, ndi mnzawo amene anapita ku Joni nasiya kuyankha lamya. Iwowa ndiwo adzukulu a Allan Namoko, wosaona uja wa ku Thyolo, amene banjo yake ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band zinadzaza wailesi ya dziko lino kufikira imfa yake mu 1995, ndiponso a Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka. Ndipo kodi khamu limatani pamene adzukulu otere akuyimba? Limawafulatira. Uyu akuitanitsa chakumwa, uyo akukangana za mpira, wina akufunsa mokweza mawu kuti kodi zenizeni ziyamba liti.

Chondiseketsa n'chakuti kutsidya kwa nyanja zimenezi ndiye zenizenizo. Kumeneko kuli achinyamata a m'mizinda ikuluikulu amene anatopa ndi nyimbo zopangidwa ndi makina, nabwerera ku gitala wosalumikiza ku magetsi ndi ku banjo, naweta ndevu, navala dala malaya ooneka akale, nadzitama kuti iwo sayendera malamulo a makampani aakulu ojambula nyimbo; ndipo gulu lina la mtundu umenewu, Mumford & Sons, limene linayamba ku London mu 2007, linafika polandira mphoto ya Grammy mu 2013 likukhwekhwereza banjo yomweyo imene ife timati n'njachimidzi. Ufulu umene iwo amaufunafuna ndi khama, anyamata athu anabadwa nawo, pakuti palibe kampani inawafunsapo dzina. Ndipo malaya ooneka akale sachita kuwasaka m'sitolo. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, a Madalitso Band, anayimba zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni ndi gitala wa nsambo zinayi, anthu akuwadutsa, kufikira mu 2017 pamene anakayimba ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar. Kuchokera pamenepo akhala akuzungulira maiko a ku Ulaya, ndipo ife tinayamba kunena kuti ndi athu. A Malawi Mouse Boys anali kugulitsa mbewa zowamba m'mbali mwa msewu pamene mlendo wina wa ku America, Ian Brennan, anawamva nawajambula, chimbale chawo n'kutuluka mu 2012. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, amene amamenya babatoni wake ndi kamtengo uku akutsetsereza botolo pa nsambo, anadziwika kunja kudzera pa intaneti ambiri a ife tisanamve dzina lake. Zikuoneka kuti khutu la Mmalawi limatseguka bwino likamva kuti mzungu waomba m'manja.

Koma tibwerere m'holo muja, pakuti nthawi yafika pakati pa usiku, ndipo eni tsiku akwera pansanja ndi magitala amagetsi, kiyibodi, ndi ng'oma zonyezimira. Mtsogoleri wawo ndi munthu amene anapeka nyimbo mwina makumi asanu, koma mwa zonsezo imodzi yokha ndiyo inagwira dziko, zaka zingapo zapitazo. Ndipo chiyambire pamenepo nyimboyo inataya dzina lake, nitchedwa Ija. Asanamalize n'komwe kupereka moni kwa anthu a kwa Msakambewa, a kwa Dzoole ndi a kwa Kalumo amene asonkhana, mawu amamveka kuchokera kumbuyo: “Tiyimbireni ija!” Iye amamwetulira, nanena kuti ija ikubwera, koma poyamba ali ndi ina yatsopano imene akufuna kuti abale ake a kuno akhale oyamba kuimva. Holo yonse imazizira. Anthu amaima manja ali m'thumba, nkhope zili ngati za ana amene alonjezedwa nkhuku napatsidwa therere. Ikatha yatsopanoyo, bambo wina wa jekete lalikulu, amene fodya wake wagulidwa bwino chaka chino, amayenda pang'onopang'ono kufika kutsogolo, natulutsa ndalama ya K5,000, naionetsa kumbali zonse kuti pasakhale wokayika, nati, “Achimwene, zanuzo tazimva, n'zabwino ndithu, Mulungu akudalitseni, koma ife tabwerera ija.” Pamenepo ija imayimbidwa, fumbi limakwera kufika ku malata, ndipo ikangotha bambo wina, amene sangalole kuti mnzake wa mudzi woyandikana naye amupose, amatulutsa ziwiri.

Ndinawerengapo nkhope ya woyimba gitala pamene ankaiyamba ija kachisanu, ndipo ndinaonapo kuleza mtima kwa Yobu wa m'Malemba. Komatu tisamuweruze mtsogoleri wa bandi kuti ndi wofooka. Kale woyimba ankadya za makaseti, pamene O.G. Issa ankagula nyimbo nazigulitsa m'dziko lonse. Lero nyimbo zimathiridwa mazanamazana m'kamemori khadi pa kagolosale kalikonse, mwini wake osalandirapo ngakhale ya sopo, kotero kuti chakudya chake chatsalira pakhomo la holo ndi m'manja mwa ofupa. Wakwatira kwa mphenzi saopa kung'anima. Ndipo amene wasankha kudya za khamu ayenera kuyimba chimene khamu lalamula, chinkana mtima wake uli pa nyimbo zina makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi zimene zikufota m'kabuku kake.

Achinyamata ndiye apitirira muyeso, pakuti kwa iwo ngakhale nyimbo imodziyo yatalika. Savina; amaima nganganga, dzanja lili m'mwamba, akuonera pa galasi la lamya munthu amene ali pamaso pawo, ndipo akajambula kachidutswa kokwanira kutumiza pa WhatsApp kuti anzawo adziwe kuti iwo analipo, ntchito yawo yatha. Taonani zimene zinachitikira agogo athu a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, amene ayimba kuyambira pa unyamata wawo: mu 2020 anajambula nyimbo zawo zakale pamodzi ndi Patience Namadingo, ndipo kachigawo ka nyimbo ya Linny Hoo kanazungulira dziko lonse lapansi pa TikTok, kakuvinidwa ndi anthu amene sadziwa kumene kuli Chiradzulu. N'zokondweretsa, ndipo ulemu umenewo unawayenera kalekale. Koma munthu wa zaka 90 amene wapeka nyimbo moyo wake wonse, dziko linamutapa kamphindi kochepa chabe, nkumati lamudziwa.

Malo amodzi okha m'boma la Dowa ndi kumene ndinaona mwambi wa makolo ukulemekezedwa, ndipo ndi malo amene munthu sakanawaganizira. Pa Dzaleka, pamene kale panali ndende ya andale, ndipo kuyambira mu 1994 pakhala msasa wa anthu othawa nkhondo ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi maiko ena, pamachitika chikondwerero cha Tumaini, chimene anachiyambitsa mu 2014 mlakatuli wa ku Congo, Trésor Mpauni, wodziwika ndi dzina lakuti Menes la Plume. Polowa salipiritsa. Pamenepo pamasinthana oomba ng'oma a ku Burundi, magitala a rumba, makwaya, alakatuli, ndi oyimba a kuno kwathu. Ndipo popeza khamulo ndi la zilankhulo zambiri, palibe ija imodzi imene onse angagwirizane kuifuula. Wofuula ija ya Chiswahili amatsutsidwa ndi wofuna ija ya Chikirundi, ndipo pamapeto pake onse amangokhala chete namvera chimene chabwera, monga anthu aulemu. Chisokonezo cha pa Babele chinabalalitsa omanga nsanja, koma pa Dzaleka chapulumutsa oyimba.

Kwathu kuno chipulumutso chotere chimadza mwa njira imodzi yokha, ndiyo kuzima kwa magetsi. Usiku wina, pa malo ena amene sindiwatchula, ija ili pakati kachisanu ndi chimodzi, mdima unagwa, magitala amagetsi anangoti zii, ndipo jenereta, monga mwa mwambo wa majenereta onse, inapezeka kuti ilibe mafuta. Mwini malo, poona kuti anthu ayamba kutchula za kubwezeredwa ndalama zawo, anathamangira kuseri kumene anyamata a babatoni ankadya chipisi chawo cha malipiro, nawachonderera ndi mawu aulemu amene sanawalankhulepo chiyambire. Anyamatawo anasamba m'manja mosafulumira, nakhala pakati pa bwalo, anthu akuwaunikira ndi lamya, nayimba nyimbo zitatu zimene panalibe anazimvapo. Yoyamba anthu anaimvera chifukwa chosowa chochita. Yachiwiri, ya mkamwini wodwala nthawi ya kupalira, inagwetsa amayi ndi kuseka, ena akuloza amuna awo ndi chala. Yachitatu inali yokoma koposa zonse, ya mayi amene akudikira mwana wake pa siteji ya basi, ndipo ine ndinayamba kuganiza kuti mtundu wathu watembenuka mtima.

Isanathe n'komwe, bambo wa jekete lalikulu uja anadzuka, napapasa m'thumba, nayenda mumdimawo akuponda zala za anthu, naika ndalama pa chikopa cha babatoni.

“Ana anga,” anatero, “mwayimba bwino kwambiri. Tsopano tiyimbireni ija ya mkamwini.”