Ndewu ya Pabwalo la Mpira ndi Ubwino Wake

Ndewu ya pabwalo la mpira ndi luso losafuna kochi kapena nsapato zodula. Wosewera amene wakhala mphindi 89 osaukhudza mpira akhoza kulionetsa pamphindi ya 90, mawa lake dzina n'kumveka pa wailesi iliyonse. Imapezeka mu ligi ya SULOM, koma kwawo kwenikweni ndi m'mipikisano yachipulula monga Airtel Top 8, FDH Bank Cup ndi Castel Challenge Cup, momwe wogonja alibe mawa. Mu Blantyre imakonda Kamuzu Stadium ku Chichiri, makamaka Maule a Bullets akakumana ndi Manoma a Wanderers.

Kayambidwe kake n'kadongosolo. Wosewera amatchetchedwa n'kugwa akubuula ngati wathyoka mwendo, kenaka amadzuka wochira n'kukagunditsa chipumi chake pa chipumi cha mnzake. Anzawo amathamangira ponena kuti akukaleretsa, ndipo kuleretsako kumachitika ndi zigongono. Goloboyi, amene sabata yonse amadandaula bondo, amadutsa bwalo lonse pa liwiro lomwe kochi wake sanalionepo. Palinso ndewu ina ya kuno kwathu yomwe siidikira wezulo: imabuka pachipata cholowera kapena pagolo, wina akaganiziridwa kuti wakwirira chithumwa.

Phindu loonekeratu ndi mpumulo. Malamulo a FIFA amati womenya mnzake aletsedwe masewero osachepera atatu, ndipo kwa wosewera wotopa ndi maulendo a pabasi opita ku Karonga, ili ndiye tchuthi lomwe abwana a timu sangalikane. Mnyamata amene wakalambira pabenchi amapezerapo mwayi. Kadi yofiira yatulutsa osewera atsopano popanda aliyense kulipira kalikonse.

Koma amene ndewu imamukomera koposa ndi wogonja. Timu ikagonja mwaulemu, masapota ake amayenda chozemba sabata yathunthu. Ikagonja nkhonya zitauluka, Lolemba m'minibasi za Limbe, kwa ometa ku Mpingwe ndi ku Bangwe, ngakhale pamsika wa Ndirande, palibe wofunsa kuti zigoli zinali zingati. Nkhani imakhala ya amene anayamba, ndi ya woyimbira, yemwe mbali zonse ziwiri zimagwirizana kuti anadya. Womwetsa zigoli amene anaphonya pagolo lopanda munthu amakhululukidwa asanapepese n'komwe.

Ndewu imapatsanso ntchito akuluakulu a komiti yosungitsa mwambo ya FAM ku Mpira Village, ku Chiwembe. Kumeneko kumawerengedwa malipoti, kumaperekedwa zindapusa, kumabwera apilo, ndipo mpira wa mphindi 90 umaseweredwa miyezi. Mng'ono wake wa ndewu, kunyanyala, anaonetsa zimenezi mu 2023 pa Bingu National Stadium: osewera a Wanderers anakana kupitiriza masewero a Airtel Top 8 potsutsa chigoli cha Silver Strikers, mipando inaphwanyidwa, ndipo timuyo inalamulidwa kulipira ndalama zoposa K20 miliyoni. Ndi zigoli zochepa zomwe zinakambidwapo nthawi yaitali chomwecho.

Kunja lusoli lili ndi akatswiri ake. Zinedine Zidane anatsanzika mpira mu 2006 pomenya Marco Materazzi ndi mutu pachifuwa m'ndime yotsiriza ya World Cup ku Berlin, ndipo ambiri amakumbukira mutuwo kuposa penate imene anagoletsa tsiku lomwelo. Luis Suárez analuma Giorgio Chiellini mu 2014, napatsidwa miyezi inayi yopuma ndi masewero 9 a dziko lake oonera panja. Chiletso chisanathe, Barcelona inali itamugula kale.

Vuto la ndewu n'lakuti siidziwa mzere woyera pamene bwalo lathera. Ikakwera kumasitandi imasanduka miyala, mabotolo ndi utsi wokhetsa misozi. Mu Disembala 2013, pa Balaka Stadium, chipwirikiti cha pamasewero a Wanderers ndi Silver chinachotsa moyo wa sapota mmodzi, ndipo apa ngakhale woyamikira ndewu amasowa chonena. SULOM inaimitsa matimu onse awiri kwa miyezi ingapo. Apilo itamveka, onse anasewera ligi ya 2014.

Pakati pa bwalo, malire ake aliko. Lamulo lachitatu la mpira limati masewero sangapitirire timu ikatsala ndi osewera osakwana 7. Choncho timu iliyonse ili ndi malo a akatswiri a nkhonya anayi okha; wachisanu akaonetsedwa kadi yofiira, woyimbira amanyamula mpira wake, ndipo zotsatira zimakagamulidwa patebulo.