Nori ndi Mwambo wa Patebulo la Odya Zaziwisi

Nori ndi pepala lodyedwa, lakuda ndi lopyapyala, lopangidwa kuchokera ku ndere zofiirira za m'nyanja ya mchere zimene akatswiri a zomera amazitcha Pyropia. Pepala limodzi limakhala masentimita 21 m'litali ndi 19 m'lifupi, ndipo limalemera pafupifupi magalamu 3. Woliona koyamba amaliyesa pepala la kaboni la m'buku la malisiti. Ku Japan ndi ku Korea ndi chakudya wamba: mayi amakulungiramo mpunga, mwana n'kupita nawo kusukulu, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma m'mizinda ngati London, Los Angeles ndi Cape Town pepalali linakwezedwa udindo. Kumeneko limakhala pakati pa tebulo la anthu amene sadya chilichonse chochokera ku nyama, komanso sadya chilichonse chimene chalawa moto.

Malamulo a gululi ndi awiri. Loyamba ndi la anthu otchedwa vegan, amene bungwe lawo linayambitsidwa ku England mu 1944 ndi Donald Watson ndi anzake: nyama ayi, nsomba ayi, mazira, mkaka ndi uchi ayinso. Lachiwiri ndi la kutentha. Chakudya chisapitirire madigiri 48, ngakhale ena okhwimitsa zinthu amati malire ndi 42, ndipo a 42 amayang'ana a 48 ndi diso la chifundo. Malamulo awiriwa akaphatikizana, buledi, chapati ndi mpunga zimatuluka m'nyumba tsiku limodzi, munthu n'kutsala ndi mulu wa masamba wopanda pougwirira. Apa ndi pamene nori amapezera ntchito. Ndi iye yekha amene angakulunge karoti ndi nkhaka n'kuzipatsa maonekedwe a chakudya choitanira alendo.

Mwambo sulola kuti nori adyedwe mbiri yake isanakambidwe, ndipo wokamba ndi mwininyumba, ataimirira, alendo atakhala ndi njala. Mbiriyo ndi yabwino ndithu. Luso losandutsa ndere kukhala pepala linayamba m'zaka za m'ma 1700 mumzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, potengera njira yopangira mapepala olembapo: kuduladula ndere, kuzisakaniza ndi madzi, kuziyala mopyapyala, n'kuziyanika. Kwa zaka zambiri alimi ankazika mitengo ndi maukonde m'nyanja osadziwa kumene mbewu yake imachokera, choncho chaka china ankakolola, china ankangoyang'ana madzi. Yankho linachokera ku yunivesite ya Manchester. Mu 1949 mayi wina wasayansi, Kathleen Drew-Baker, anasonyeza kuti ndere za mtundu umenewu zimakhala gawo lina la moyo wake zitaboola n'kubisala m'zigoba za nkhono za m'nyanja. Akatswiri a ku Japan anatenga nzeruyo n'kuyamba kufesa mbewu mwadala, ndipo ulimi wa nori, makamaka m'nyanja ya Ariake, unakula kwambiri. Mayiyu anamwalira mu 1957 asanapondeko ku Japan, koma ku Uto, m'chigawo cha Kumamoto, anamumangira chipilala ndipo amamukumbukira pa 14 April chaka chilichonse. Mwininyumba wodziwa mwambo amafulumira akafika pa zigoba zija, popeza mpaka lero mbewu ya nori imaleredwa m'zigoba za nyama. Amadumphanso za ku Wales, kumene ndere zachibale chake amaziwiritsa kwa maola ambiri n'kuzidya m'mawa ndi nyama ya nkhumba.

Kugula nori ndi ntchito ya maso. Wambiri wa m'masitolo ndi wowamba, ndipo amadziwika ndi mtundu wobiriwira. Wosawamba amakhala wakuda mofiirira, amatafunika movutirapo, ndipo kawirikawiri mtengo wake ndi wokwera, ndiye kuti wogula amalipira ndalama zoonjezera chifukwa cha ntchito imene sinagwiridwe. N'chifukwa chake m'sitolo ya zakudya za ku Asia mumapezeka munthu atakweza paketi m'mwamba, akuiunika pa getsi, anthu ena akudikira kuti adutse. Munthuyu amawerenga zilembo zing'onozing'ono zonse za kuseri kwa paketi, kupatulapo mzere umodzi. Mapaketi ena amachenjeza kuti m'mapepalamo mukhoza kupezeka tizidutswa ta nkhanu ndi tinyama tina ta m'madzi, pakuti ndere zimakololedwa kumene tinyamato timakhala. Pa mzere umenewu maso amatopa mwadzidzidzi.

Kakonzedwe kake n'kosavuta. Pepala limayalidwa pa kamphasa ka nsungwi, mbali yonyezimira itayang'ana pansi. Pamwamba pake amathirapo kolifulawa wosinja, amene pa tsikulo amatchedwa mpunga, ndipo mlendo womutcha kolifulawa saitanidwanso. Kenako pamabwera mapeyala, karoti, nkhaka ndi phala la mtedza wa kashu limene limatchedwa tchizi. Zonse amazikulunga, kunyowetsa m'mphepete ndi chala kuti pamatike, n'kudula ndi mpeni wakuthwa. Komabe moto umalowa m'mbale imeneyi kudzera pakhomo la kuseri. Chigoba cha kashu chili ndi mafuta otentha khungu, choncho m'mafakitale, kaya a ku Nampula kaya a ku Vietnam, amachiphika ndi nthunzi kapena kuchiwotcha asanaswe. Kashu wolembedwa kuti ndi wamuwisi amakhala atadutsa kale m'nthunzi imene ingaphulitse kachipangizo koyezera kutentha ka mwininyumba. Msuzi wakuda wa soya woviikamo nawonso umapangidwa ndi soya wophika ndi tirigu wokazinga, ngakhale botolo litanena kuti sanauwiritse pomaliza. Onse okhala patebulo amazidziwa zimenezi. Ulemu wa m'tauni ndi wakuti aliyense azidziwe payekha.

Vuto lalikulu la nori ndi ludzu. Akangokhudzana ndi chinyezi amayamba kumwa, ndipo m'mphindi zochepa pepala lokhoma lija limasanduka lofewa ndi lotamuka. Motero ayenera kudyedwa atangokulungidwa. Koma mwambo wina wamphamvu kuposa umenewu umafuna kuti mbale iyambe yajambulidwa: kuchokera pamwamba, kuchokera m'mbali, kenako pafupi ndi windo chifukwa kuwala kunali kosakwanira. Chithunzi chikamafika pa Instagram, nori amakhala atamwa kale madzi onse a nkhaka. Zotsatira zake n'zakuti anthu amene amamutamanda kwambiri sanamudyepo ali bwino. Wofewayo amakana kuduka ndi mano, amakakamira kumwamba kwa m'kamwa, ndipo tebulo lonse limakhala chete kwa kanthawi, lilime lili pantchito. Mwininyumba amatanthauzira chetechete ameneyu kuti alendo asowa mawu oyamikira.

Pali mtundu wina wa mlendo umene mabuku a zophika saukonzekera, ndiwo kholo lochokera kumudzi limene labwera kudzaona ana ku Manchester kapena ku Johannesburg n'kupeza kuti m'nyumbamo mbaula inapuma. Kholo lotere limasamba m'manja, kukana mwaulemu timitengo todyera, kutenga kachidutswa kamodzi ndi zala, n'kukatafuna modekha. Mkazi wa mwana wawo akati, "Amayi, tenganiko china, zilipo zambiri," yankho limakhala lakuti, "Zikomo apongozi, ndisiyeko malo a chakudya." Sikuloledwa kuwauza pomwepo kuti chakudyacho ndi chomwechi. Ntchito imeneyi imagwera mwana wawo wamwamuna, kukhitchini, monong'ona, ndipo kawirikawiri imatha ndi kufufuza kumene kunasungidwa ufa umene amayiwo anabwera nawo m'chikwama. Palinso nkhani ya mano. Kachidutswa kakuda kamakonda kukhala pa dzino la kutsogolo la munthu amene akulankhula kwambiri, ndipo popeza wolankhula kwambiri ndi mwininyumba, palibe amamuuza.

Nkhani ya patebulo imakhala ya thanzi, ndipo apa zoona ndi zokokomeza zimadyera mbale imodzi. Nori alidi ndi ayodini, mchere umene chithokomiro chimafuna. Munthu wamkulu amafunika mamaikirogalamu 150 patsiku, ndipo m'mayiko ambiri amawapeza mumchere wa m'sitolo popanda mwambo uliwonse. Ndere zina monga kombu zili ndi ayodini wochuluka kwambiri moti kudya mosasamala kumasokoneza chithokomiro chomwecho, ndipo mu 2004 bungwe la Food Standards Agency ku Britain linalangiza anthu kuti asamadye ndere za hijiki chifukwa cha poizoni wa arsenic. Mkangano weniweni uli pa vitamini B12. Ofufuza amasiyana maganizo pa kuchuluka kwa B12 amene thupi lingatenge mu nori, ndipo bungwe la Vegan Society lenilenilo limalangiza mapiritsi kapena zakudya zothiridwa vitaminiyu. Botolo la mapiritsiwo limapezeka m'nyumba zambiri zotere, kuseri kwa kabati, kumene alendo safika. Za mphamvu, pepala limodzi limapereka makalori pafupifupi 10, pamene munthu wamkulu amafuna cha m'ma 2,000 patsiku. Wofuna kukhalira nori yekha angafunike mapepala 200, ndi nsagwada zina zapadera. Mlendo wofuna kuti phwando lithe msanga amangotchula Richard Wrangham wa ku Harvard, amene m'buku lake la mu 2009 ananena kuti kuphika ndi kumene kunathandiza makolo a anthu kukula ubongo.

Potsanzikana, mlendo amayenera kunena kuti thupi akulimva kupepuka, ndipo apa sanama. Alendo amanyamuka mmodzimmodzi, aliyense ndi chifukwa chake, kenako amakapezana pamzere wa malo ogulitsa tchipisi a pakona. Lamulo la pamzerewo ndi lakuti sadziwana.

Mapepala otsala amasungidwa m'chotengera chosalowa mpweya, pamalo ouma ndi amdima, pamodzi ndi kathumba koyamwa chinyezi kamene kamabwera m'paketi. Kathumbako sikadyedwa, ngakhale sikanaphikidwe ndipo mulibe nyama. Nori akafewa chifukwa chokhalitsa, ophika a ku Japan amangomudutsitsa pamwamba pa lawi kwa masekondi ochepa mpaka akhomenso. Wodya zaziwisi sangachite zimenezi, choncho paketi yofewa amaipereka kwa mnansi amene mbaula yake ikugwirabe ntchito, n'kukagula ina.