Ulemu kwa Nthunzi, Wokhometsa Msonkho Akuluakulu a Nkhondo

Pakati pa zonse zimene zimachepetsa matama a asilikali, palibe choyenera kuombedwa m'manja kuposa nthunzi ya madzi, yomwe ndi yomweyo imatuluka pamphika wa nsima, koma imene ikakwera mumlengalenga imakhometsa msonkho rada, makina amene amaponya mafunde a wailesi n'kumvetsera pamene akubwerera atagunda ndege kapena kasinja. Ankhondo amakonda mafunde aafupi, a milimita 1 mpaka 10, amene amanjenjemera pa 30 mpaka 300 GHz (GHz imodzi ndi maulendo biliyoni imodzi pa sekondi), chifukwa chakuti kambale kowaponyera kamakwana m'mphuno mwa mzinga. Komatu mafunde amenewa ndiwo ndiwo ya mfumu Nthunzi.

Ukulu wake unaoneka pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, pamene akatswiri a ku Radiation Laboratory ya MIT ku America anasankha mafunde a masentimita 1.25, pafupi ndi 1.35 pamene nthunzi imameza kwambiri, ndipo nyengo ya chinyezi itafika, makina awo anayamba kuona pafupi ngati nkhalamba ya ng'ala. Nduna yake, mpweya wa okosijeni, ndi yadyera kuposa mwini mpando: pa 60 GHz, mafunde opita ku chinthu chili pa kilomita imodzi n'kubwerera amatsala ndi gawo limodzi lokha mwa magawo pafupifupi 1,000 a mphamvu zimene akanabwera nazo.

Chifundo chake n'chosakayikitsa, pakuti mfumuyi inasiya zipata zingapo, monga pa 35 ndi pa 94 GHz, ndipo rada ya Longbow ya pa helikopita ya Apache imadzera choyamba pamene mzinga wa Brimstone umadzera chachiwiri. Komabe pachipatapo pamakhala dontho la mvula, limene kukula kwake kukufanana ndi kutalika kwa fundelo, motero limalimwaza uku ndi uku, ndipo lina limabwezedwa kwa mwini wake ngati umboni wabodza wakuti kuli mdani.

Amene anagonja mwaulemu analandira mphotho. Masetilaiti ankhondo a ku America otchedwa Milstar amalankhulana pa 60 GHz kumwamba kopanda mpweya, ndipo kazitape wotchera khutu ali pansi samva kanthu, chifukwa okosijeni amakhala atadya zonse panjira.