Za mapiritsi ndi okosijeni, monga zikumvekera pa Nachisaka

Chisanu cha 2021 chafika ndi chifuwa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ndipo pa Nachisaka aliyense wasanduka dokotala. Ukangotsokomola kamodzi pamzere wa kuchigayo, malangizo amachokera mbali zonse: uyu akuti jinja, uyo mandimu ndi adyo, wina akuti funda bulangete udzifukize ndi masamba a bulugama mpaka thukuta kamukamu. Mitengo ya bulugama ya m'mbali mwa msewu yatsala ndi masamba a kunsonga okha, kumene dzanja silifika.

Pabawo nkhani yagona pa ma ARV. Bambo wina wachikulire amanenetsa kuti amene akumwa mankhwalawa korona sawakhudza, poti kachilombo ndi kachilombo basi. Mnyamata wa kabaza atamva izi anafunsa, nkhope ili gwa, ngati angakabwerekeko mapiritsi awiri kwa alamu ake. Anthu anafa nako kuseka. Koma aphunzitsi opuma pantchito, amene wailesi siichoka pakhutu pawo, anati ganizolo ngakhale akatswiri linawafikira. Bungwe la WHO linayesa lopinavir ndi ritonavir, omwe ndi ma ARV, pa odwala korona m'maiko ambiri, ndipo mu July 2020 linaleka chifukwa sankapulumutsa anthu. "Achimwene, mapiritsi a alamu anuwo asiyeni, ali ndi ntchito yawo," anatero, akudya nkhomo za mnzawo.

Palinso mauthenga a pa WhatsApp ochokera kwa ana a ku Joni. Umodzi ukuti kunja kuli mankhwala a anthu olemera, remdesivir, amene anapatsa Donald Trump mu October 2020, ndipo ife akutibisira. Wina ukuti mankhwala omwewo amaononga chiwindi. Mayi wogulitsa tiyi amatsegula mauthenga onse awiri motsatizana, makasitomala n'kumavomera onse awiri. Chimene chikudziwika n'chakuti mu November chaka chomwecho WHO inati palibe umboni woti remdesivir amachepetsa imfa za ogonekedwa m'chipatala. Amene anaonetsa mphamvu pakafukufuku wa ku Britain mu June 2020 ndi dexamethasone, mankhwala akalekale otsika mtengo, ndipo amathandiza okhawo amene afika pofuna mpweya wothandizira. Si ogula pagolosale n'kumwera tiyi ayi.

Kumjigo ndiye kumene ndamva zogwira mtima. Kuli mayi wina amene sabisa kuti anayamba ma ARV patangopita zaka zochepa boma litayamba kuwagawa ulere mu 2004. Atsikana akamanong'onezana kuti mankhwala atsopanowa, dolutegravir, amanenepetsa ndipo amaononga mwana m'mimba, iye amatula ndowa n'kuwakhazika pansi. Amawakumbutsa za stavudine wa masiku aja, amene ankalowetsa masaya, mapazi n'kumachita dzanzi ngati waponda moto wozirala. Anthu anadandaula, madokotala anaona, mankhwalawo anachotsedwa. "Ana anga, ine ndamwa mitundu itatu, ndipo ndikulima mbatata mpaka lero. Chikakuvutani m'thupi kanene kuchipatala, osati kuponya botolo m'chimbudzi." Mantha a atsikanawo ali ndi pochokera: mu 2018 kafukufuku wa ku Botswana anadzutsa nkhawa pa ana obadwa kwa amayi omwa dolutegravir. Atawerenga amayi ochuluka chiopsezocho chinapezeka chochepa kwambiri, ndipo mu July 2019 WHO inavomereza mankhwalawa ngakhale kwa amayi oti angathe kutenga pakati. Mbali yoyamba ya nkhaniyi inafika kumjigo msanga, yachiwiri ikuyendabe wapansi. Ine ndimaona kuti mayi ameneyu akugwira ntchito yoposa zikwangwani khumi.

Zoseka zimachepa nkhani ikafika pa okosijeni. "Akakuika chija pamphuno ndiye kuti wapita," amatero agogo ena, ndipo ambiri amagwedeza mutu kuvomereza. Amakumbutsa za 12 January 2021, tsiku limene nduna ziwiri, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, zinamwalira ndi korona. Ngati nduna zinapita, nanga ife a kuno kumapiri? Funsoli silopusa. Mwezi umenewo masilinda a mpweya anaperewera m'zipatala zikuluzikulu, bwalo la mpira la Bingu ku Lilongwe linasanduka chipatala, ndipo a Stanley Onjezani Kenani ndi anzawo anachita kusonkhetsa ndalama pa Facebook zogulira zipangizo. Kenako kunabwera nkhani ya K6.2 biliyoni ya korona imene ina inathera m'maalawansi, ndipo imeneyo pa Nachisaka palibe amene waiiwala. Komabe okosijeni sapha. Amaikidwa kwa amene wadwalitsitsa, ndipo kwathu kuno wodwala amafika kuboma atatha mlungu ali m'bulangete la bulugama lija, atagwedezeka panjinga yamoto m'zitunda zonsezi. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lino mawu achita kumuuma ndi kufotokoza zimenezi pamaliro ndi pamisonkhano ya mafumu.

Katemera nayenso ali ndi magulu ake. Boma litatentha katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 pachipatala cha Kamuzu Central pa 19 May 2021 chifukwa masiku ake anali atatha, gulu lina linati mwaona, anali woipa. Lina linati ayi, akanakhala achinyengo akanatibaya womwewo mwakachetechete. Mkanganowo unatha masabata awiri m'tiyirumu. Ndiye mu June kunamveka kuti katemera watheratu m'dziko muno. Bambo wa pabawo uja, amene ankati iye jekeseni sadzabayitsa ngakhale amfumu atamulipiritsa mbuzi, tsopano amaimitsa mlangizi pamsewu pafupifupi tsiku lililonse: "Adokotala, nanga ubweranso liti? Mundilembe poyambirira, ndi mayi a kunyumba omwe."