Nyanga ya Nsatsi Inaleka Kufota

Makolo athu anali ndi njira yachidule yothanirana ndi mwana wamakani. Ankati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, m'semere, imufotere yekha. Sankataya malovu. Phesi la nsatsi ndi lobooka m'kati, ndipo ukalisema bwino limalira ndithu, koma dzuwa likangofika paliwombo layamba kale kulefuka. Mwana aliuzira, lakana. Aliuziranso, langopindika. Phunziro lathera pomwepo, mphunzitsi wake dzuwa, kholo lili phee pakhonde likusenda chinangwa.

Nzeru yonseyi inatsamira pa chinthu chimodzi, chakuti chimene mwana akuliriracho chidzafota. Amene anapeka mwambiwu sanaione memori khadi.

Fikani pa Dwangwa, kwa Kanyenda, Loweruka la kumapeto kwa mwezi, a ku fakitale ya shuga ya Illovo ndi odula nzimbe atalandira. M'mbali mwa msewu wa M5 mupeza tinyumba ta anyamata obena: kompyuta imodzi, sipika yofuula, ndi anthu atagwira mafoni ndi mafulashi. Bambo amangoti, "Achimwene, ndiikireni zatsopano." Mnyamata athira. Safunsa kuti kunyumba kuli ana angati, a misinkhu yanji. M'kakhadi koti ungathe kukameza osatsamwa mukulowa Rambo, mfiti za ku Nigeria, kwaya ya amayi, nyimbo zovina atsikana amene nsalu inawathera telala asanamalize, ndi Tom and Jerry wa mwana wachitsiriza. Kakhadi kameneka sikaopa dzuwa. Kusemera mwana nyanga yotere n'kumadikira kuti ifote, mudzadikira mpaka mwanayo atamera ndevu. Chimene chimafota ndi mwana mwiniyo, Lolemba m'mawa, akuwodzera pa samu.

Tisanamizire makhadi okha. Vidiyo shoo inayamba kale, ndipo aliyense amene anakulira m'madoko a kuno, kuyambira ku Ngala mpaka ku Dwambazi, akuidziwa: chisakasa cha bango chokutidwa ndi mapepala akuda, mabenchi ogwedera, jenereta ikutsokomola kuseri, sipika itapachikidwa pamtengo kuti mudzi wonse umve kuti m'katimo munthu akufa. Pakhomo pali bolodi lolembedwa ndi choko, dzina la filimu litalakwika kalembedwe koma ola lake lili lolondola. Mwera ukakalipa m'miyezi ya Juni ndi Julayi, mabwato ali pamchenga, chisakasacho chimadzaza kuyambira m'mawa. Wapakhomo ali ndi lamulo limodzi lokha la msinkhu: wamkulu ndi amene ali ndi ndalama. Mnyamata wa sitandade 3 amene wathandiza kukoka khoka kapena kuyanika usipa pathandala, n'kulandira kangachepe, ameneyo ndi njonda, alowe. Wopanda ndalama amatobola bango n'kusuzumira. Amaonera filimu yonse ndi diso limodzi, koma mawa kusukulu amaifotokoza bwino kuposa amene analipira.

M'zisakasa zimenezi ndi momwe mibadwo iwiri inaphunzira chiphunzitso chachikulu chakuti mwini filimu safa. Arnold Schwarzenegger mu Commando ya 1985 anapulula gulu lonse la asilikali yekha, mwana wake n'kumupulumutsa, iye n'kungokalika pang'ono. Jean-Claude Van Damme ankamenyedwa mpaka magazi m'kamwa, kenako n'kudzuka. Vuto ndi lakuti pamchenga wa kunyanja madzulo mwana aliyense amadziona kuti mwini filimu ndi iyeyo, ndipo palibe amene amavomera kukhala mdani woti agwe. Mkono ukathyoka m'pamene zimadziwika kuti onsewo anali ongothandizira sewero.

Koma tisanene kuti makolo a kuno sasankhira ana zoonera. Amasankha, kungoti kasankhidwe kake n'kodabwitsa. Banja lakhala pabalaza, nsima ya kondowole yatsika bwino. Mwini filimu wapha anthu makumi anayi ndi mfuti yosatha zipolopolo, bambo akuwomba m'manja: "Ameneyo! Mupatse china!" Mutu wa munthu wagubuduka, mayi angoti, "Mayo ine," maso osachotsa. Kenako nyimbo yafewa. Mwini filimu waika mfuti pansi, akuyang'ana mkazi m'maso. Bambo atsokomola.

"Iwe, takaona ngati nkhuku zalowa."

"Zinalowa kale, ababa."

"Kaziwerenge."

Ana a m'dera lino nkhuku amaziwerenga kwambiri. Ndipo popeza si opusa, anazindikira kalekale kuti pamene pakutumidwa nkhani ya nkhuku m'pamene pali zokoma. Bambo akuganiza kuti atseka chitseko, pomwe aika chikwangwani cholozera. Mawa iwo ali kuntchito, mwana abweza filimu ija mpaka pamalo pomwe anatumidwa paja, aonera mwachifatse, abwerezanso.

Mantha amenewa tinachita kulandira ngati chuma chamasiye. Mu 1968 boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo loyang'anira mabuku, nyimbo ndi zisangalalo, ndipo kuchokera m'lamulolo munabadwa Censorship Board. Lumo lake linkadula malo okisana m'mafilimu asanaonetsedwe m'nyumba za kanema ngati Apollo ku Blantyre, moti woonera ankangoona mwamuna ndi mkazi akuyandikizana, mwadzidzidzi kwacha, akumwa tiyi. Lamulo la 1973 linaletsanso amayi mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo dziko linakhala lopanda wailesi yakanema yakeyake mpaka TVM itatsegulidwa mu 1999. Masiku amenewo kusankhira ana kunali kosavuta chifukwa boma linali litasankhira kale akuluakulu omwe. Sindikuwalirira masikuwo ayi. Ndikungoti lumo lija linachoka ku ofesi n'kulowa pakhosi pa bambo, ndipo likudulabe malo omwe aja. Lamulo la 1968 lidakalipo, ndipo limafuna kuti filimu yoonetsedwa pagulu ikhale yovomerezeka ndi kuti malo oonetsera akhale ndi chiphaso. Koma amene angayende dooko ndi dooko kufunsa chiphaso cha filimu iliyonse ya m'fulashi adzafunika nsapato zambiri.

Kwina anaganiza zothandiza makolo ndi manambala. Pa DStv ndi GOtv filimu ikamayamba pamatuluka 13, 16 kapena 18, ndi zilembo pambali pake: V ndi zachiwawa, L ndi zotukwana, S ndi zogonana, N ndi zamaliseche. Ku America chizindikiro cha PG-13 chinabadwa mu 1984, makolo atadandaula ndi mafilimu awiri, Gremlins ndi Indiana Jones and the Temple of Doom, momwe munthu amazulidwa mtima ali moyo ana akuonera. Kuno filimu imeneyo ikanadutsa bwinobwino, bola wozulidwa mtimayo sanakisane ndi munthu. Manambalawa ndi othandiza ndithu, ndipo kholo loti limawawerenga lachita theka la ntchito. Koma alipo amalume ena amene 16 amamuyesa nambala ya gawo, n'kumadandaula kuti magawo 15 oyambirira anawaphonya.

Komanso amene anaika nambalayo sanamumve DJ wathu wotanthauzira mafilimu. Kale Chingerezi ndi Chitchaina zinkatchinjiriza ana mosadziwa. Mdani ankatukwana mpaka thovu kukamwa, mwana n'kungomva phokoso. Lero mafilimu ambiri a m'makhadi ndi otanthauziridwa m'Chichewa, ndipo wotanthauzirayo samangotanthauzira, amathiramo zake. Jet Li amalankhula ngati kondakitala wa minibasi. Mfumu ya ku China ya zaka mazana apitawo imadandaula za mtengo wa feteleza. Ndimawapatsa ulemu anyamatawa, chifukwa gogo amene sanapite kusukulu tsopano amatsatira nkhani yonse, ndipo nthawi zina filimu yozizira amaikometsa kuposa mwini wake. Koma pakamwa pawo palibe nambala. Filimu yoti kwawo ndi ya ana a zaka 10 ikhoza kutuluka m'kamwa mwa DJ ili ya anthu okwatira, mawu ophiphiritsa ali mbwee, ana akuseka mosonyeza kuti amva.

Za ku Nigeria ndiye zili ndi chilolezo chapadera. Makolo amati n'zophunzitsa, chifukwa pamapeto abusa amapambana. Koma abusawo amafika patatsala mphindi khumi. Maola awiri onse mwana wakhala akuona Patience Ozokwor akuthira mankhwala m'chakudya cha mpongozi wake, nkhalamba ikusanduka kadzidzi, maso akutuluka moto. Usiku akukana kupita yekha kuchimbudzi. Choipa kwambiri, mawa akudutsa pakhomo pa agogo a maso ofiira chifukwa cha utsi wa nkhuni, akuthamanga. Apa nthabwala ndiziika kaye pansi: m'dziko lino okalamba amamenyedwa ndi kuphedwa powaganizira ufiti, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Filimu yophunzitsa mwana kuti nkhope yokalamba ndi yoopsa ndi yolaula kuposa kukisana kulikonse, koma palibe amene amatumidwa nkhuku ikamaonetsedwa.

Nanga Aki ndi Pawpaw? Makolo ambiri ankawasiyira ana poganiza kuti ndi ana anzawo. Koma Chinedu Ikedieze, Aki uja, anabadwa mu 1977, Osita Iheme, Pawpaw uja, mu 1982. Pamene ankaba nyama mumphika ndi kunyoza akuluakulu pakanema, anali abambo oti akhoza kulipira lobola. Ana athu anaphunzira mwano kwa akatswiri okhwima.

Agogo athu nawonso ankaonetsa zoopsa, tisaiwale. M'nthano munali zimphona zomeza mudzi wonse, afisi okwatira ana a anthu, ana opeza oponyedwa m'dzenje. Koma wonena nthano ankaona nkhope za omvera pa kuwala kwa moto. Akaona kuti wamng'ono wayamba kunjenjemera mlomo, chimphona chinkafupika msinkhu, Kalulu n'kufika msanga, nyimbo n'kuyambika kuti onse avomere. Akaona kuti otsala ndi akuluakulu okhaokha, chimphona chinkameranso mano. Nthano masana sinkanenedwa, ndiye ntchito ndi masewera zinali ndi nthawi yake. Ndipo zimene zinali za kuchinamwali kapena za kudambwe zinkadikira msinkhu wake, popanda wolemba 18 pakhomo. Kanema alibe maso. Mwana alire, abisale kuseri kwa mpando, iye amangopitiriza ndi liwiro lomwelo. Ntchito yoyang'ana nkhope ija inatsala yopanda mwini, ndipo singagwiridwe ndi munthu amene ali kubawo kapena amene maso ake ali pa WhatsApp.

Apa m'pamene mwambi uja umatembenukira eni ake. Kodi m'nyumba zathu amene akulirira nyanga ndi ndani kwenikweni? Mwana wa zaka zisanu sanapiteko kobenetsa. Amene akufuna zibakera ndi bambo. Amene sangagone asanadziwe ngati mtsikana wa pa Zee World akwatiwe ndi mwamuna wa mkulu wake ndi mayi. Mwana amangokhala pamphasa chifukwa chipinda chochezera n'chimodzi, kanema ndi mmodzi, ndipo kunja kuli udzudzu wa kunyanja. Tikamati "mwanayu amakonda zankhondo," nthawi zambiri tikunena za munthu amene sanafunsidwepo.

Madikoda ali ndi nambala yachinsinsi yotsekera matchanelo, ndipo n'chinthu chabwino. Koma amene anailowetsa nambalayo ndi mwana wa fomu 1, chifukwa ndiye amadziwa mabatani. Bambo akafuna kuonera zawo usiku amachita kumudzutsa: "Iwe, paja nambala ija ndi chiyani?" Chokhacho chimene chinatsala ndi khalidwe la nsatsi chinali batire la sola, lomwe linkafooka lokha cha m'ma 9 koloko usiku, filimu ili pakati, banja lonse n'kukagona likung'ung'udza. Batire limenelo linalera ana ambiri mwaulemu. Kenako kunabwera pawa banki.

Ena amati njira ndi kuonetsa ana zakwathu zokha. N'zoona kuti Izeki ndi Jakobo, kapena Manganya mu Tikuferanji, banja limatha kuonera limodzi popanda wotsokomola kawirikawiri. Koma chakwathu sichitanthauza cha ana. Bambo wa kwa Kanyenda akamva dzina loti The Last Fishing Boat, filimu ya Shemu Joyah ya 2012, akhoza kuitana ana onse poganiza kuti aphunzira za usodzi. Ndi filimu yabwino, ya panyanja yathu yomweyi, koma nkhani yake ndi ya mitala, alendo odzacheza ndi zimene anyamata a m'mphepete mwa nyanja amagulitsa nsomba zikasowa. Nkhuku zidzawerengedwa kangapo usiku umenewo. Ioneni kaye nokha, ana atagona, monga momwe mayi amalawira ndiwo asanapakule.

Imene ndingaikire umboni ndi The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, yomwe anakonza Chiwetel Ejiofor, yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe, kwa anansi athu ku Kasungu. Muli Chichewa chambiri, ngakhale cha Ejiofor chimafuna kuchimvera ndi chifundo. Muli njala, muli mfumu ikumenyedwa chifukwa chonena zoona pamsonkhano, ndipo galu wa William amafa, choncho wamng'ono adzalira ndipo adzafuna munthu wamkulu pambali pake woti amufunse mafunso. Koma mwini filimu wake sapha munthu ngakhale mmodzi. Zida zake ndi buku la mulaibulale, dainamo ndi zitsulo za kudzala.

Chenjezo ndi limodzi. Kuti makina amphepo amene ankapanga azungulire, William anachita kudula njinga ya bambo ake. Ngati pakhomo panu mumadya za kabaza, filimu ikangotha njingayo mukaitsekere kuchipinda kwanu, ndipo kiyi musapatse mwana wa fomu 1.